Kope la kantina ndi makina a POS ku Mandimba

Dzuwa likapendeka ku Mandimba, mwini sitolo amatseka chitseko n'kuyamba ntchito imene ogula saiona: kuwerenga chimene chatuluka, chimene chatsala, ndi kuona ngati ndalama za m'kabati zikugwirizana ndi mashelefu. Ntchitoyi ndi yakale kuposa magetsi a m'tauniyi.

Nthawi ya Apwitikizi, pomwe Cuamba inkatchedwa Nova Freixo ndipo Lichinga inali Vila Cabral, malonda akumidzi anali m'manja mwa eni makantina, Apwitikizi ndi Amwenye. Mlimi ankabwera ndi chimanga kapena nyemba, n'kubwerera ndi mchere, nsalu, sopo, palafini kapena khasu. Zonse zinkalembedwa m'kope. Koma kopelo, monganso sikelo, linkakhala tsidya la mwini kantina, ndipo mlimi amene sadapite kusukulu ankangovomera zimene wauzidwa. N'chifukwa chake sindidabwa agogo ena akamakayikira chilichonse cholembedwa kuseri kwa kauntala.

Pa 26 June 1974, m'sitolo ina ya Marsh ku Troy, m'chigawo cha Ohio ku America, makina adawerenga koyamba timizere ta barcode pa paketi ya chingamu cha Wrigley. Patangotha chaka, pa 25 June 1975, Mozambique idalandira ufulu, ndipo mbiri ya kuno idalowera kwina. Eni makantina ambiri adachoka. Boma la Frelimo lidatsegula masitolo ake, Lojas do Povo, koma katundu ankasowa, malonda amseri otchedwa candonga adakula, kenaka nkhondo yapachiweniweni idatseka misewu. Anthu ambiri adathawira ku Malawi, ndipo shuga ndi sopo zinkalowa pamutu kapena panjinga kuchokera mbali ya Chiponde. M'zaka zimenezo panalibe zambiri zowerenga. Shelefu yonse munthu ankaidziwa ndi maso.

Mtendere wa pa 4 October 1992 udabweretsanso katundu. Tiokala ndi mabaraka zidamera m'mbali mwa msewu wochokera ku Cuamba kudutsa Mandimba ndi Ngauma kukafika ku Lichinga. Kope lidabwerera, tsopano lili m'manja mwa eni dera. Mu 2006 boma lidachotsa maziro atatu pa metikali, mitengo yonse n'kulembedwanso, ndipo pa malire pano wogulitsa amayenerabe kusunga m'mutu mitengo iwiri, ya metikali ndi ya kwacha.

Mawu oti POS anthu ambiri adawadziwira pa kamakina ka banki kolowetsamo khadi. Kameneko kamangolandira ndalama, monga zimachitiranso mKesh, M-Pesa ndi e-Mola pa foni. POS yosunga katundu ndi ina: kompyuta kapena foni imene, ukaoda makatoni khumi a sopo, umalembamo kuchuluka kwake ndi mtengo woodera, ndipo sopo aliyense akagulidwa imachotsera yokha. Imachenjeza katundu akatsala pang'ono, imaonetsa amene wakhalitsa, imawerengeranso msonkho wa IVA, umene udatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu 2023. Kwa munthu wooda ku Cuamba kapena ku Nampula, kudziwa zimenezi asanakwere galimoto kumapulumutsa mpamba. Kumatetezanso mnyamata wogulitsa, amene nthawi zambiri amatchedwa wakuba pomwe cholakwa chinali masamu a bwana.

Makina ali ndi pofookera pake. Mu November 2018 netiweki ya SIMO, yolumikiza mabanki, idazima kwa masiku angapo, makhadi a mabanki ambiri adaleka kugwira ntchito m'dziko lonse, ndipo amalonda adabwerera ku ndalama zapamanja.

Chovuta chachikulu, m'kuona kwanga, n'choti makinawa adapangidwira katundu wa m'mapaketi. Kuno thumba la shuga la makilogalamu 50 limatha ndi kakapu, mafuta ophikira amathiridwa m'timapepala tomanga pakamwa, ndipo palibe timizere toti makina awerenge. Mwini sitolo amayenera kukhala pansi, kuyeza kuti chigubu chimodzi chimatulutsa timiyezo tingati, n'kulembamo yekha. Ndiye pali ngongole. Mlimi wa fodya amatenga mchere ndi sopo m'miyezi ya njala, kudzalipira akagulitsa. Makina akhoza kulemba dzina lake ndi ndalama zake, koma kuti chaka chino mvula idamuvuta ndipo ayenera kudikiridwa mpaka June, mwini sitolo amalemba ndi bolopeni m'mphepete mwa kope.