Masana ankajambula bodza, usiku zoona

Mu Novembala 1941, asilikali a Hitler anasandutsa tauni ya Terezín, makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Prague, kukhala msasa wotsekeramo Ayuda. Ajeremani ankaitcha Theresienstadt. Anthu pafupifupi 140,000 anaponyedwamo. Mwa iwo, 33,000 anafera momwemo ndi njala komanso matenda, ndipo ena pafupifupi 88,000 anakwezedwa sitima zopita kum'mawa, ambiri ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz.

Pakati pa akaidiwo panali akatswiri ojambula pamanja, ndipo anawaika mu ofesi ya mapulani yomwe ankatsogolera Bedřich Fritta, munthu amene kale ankajambula zithunzi zoseketsa ku Prague. Masana ankalemba mapu, matchati ndi zithunzi zoonetsa Terezín ngati mudzi wamtendere. Koma ntchito yomweyo inawapatsa mapepala, mapensulo ndi inki, zinthu zomwe akaidi anzawo sankazipeza wamba.

Kukada, Fritta, Leo Haas, Otto Ungar ndi Ferdinand Bloch ankajambula zimene maso awo aona. Nkhalamba zothithikana m'zipinda za kudenga, masaya atalowa. Mizere ya anthu, mbale m'manja, kudikira msuzi wamadzimadzi. Ngolo zamaliro zokokedwa ndi anthu m'malo mwa akavalo, lero zanyamula buledi, mawa mitembo. M'zithunzi za Fritta nkhope zimachita kuoneka zigaza eni ake akadali moyo.

Zina mwa zithunzizi zinazembetsedwa kunja, ndipo apa ndi pomwe panagona mlandu. Pa 23 Juni 1944 kunabwera nthumwi za Red Cross kudzayendera msasawo. Pokonzekera alendo, a SS, omwe ankayang'anira msasawo, anapentetsa nyumba, kudzalitsa maluwa, nkutumiza anthu pafupifupi 7,500 ku Auschwitz mu Meyi kuti malo asaoneke odzaza. Nthumwi ya bungwelo, Maurice Rossel, inalemba lipoti lowakomera. Chinyengo chodula chonchi, kapepala kamodzi kakanatha kuchivula.

Pa 17 Julayi anayiwo anamangidwa. Malinga ndi umboni wa Haas, Adolf Eichmann mwiniwake, mmodzi wa akuluakulu a SS, analipo powafunsa mafunso. Mlandu wake? Kufalitsa nkhani zoipitsa boma, ngati kuti njalayo anachita kuipeka iwo. Anawatsekera m'ndende ya apolisi achinsinsi a Gestapo ya pafupi pomwepo, pamodzi ndi akazi ndi ana awo. Bloch anafera m'ndendemo. Ungar anamuphwanya dzanja lojambulira, ndipo atadutsa ku Auschwitz ndi ku Buchenwald anamwalira mu Julayi 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha kale ku Ulaya. Fritta anafera ku Auschwitz mu Novembala 1944.

Wotsala anali Haas yekha, ndipo chinamupulumutsa ndi luso lomwelo: anamutengera ku msasa wa Sachsenhausen, kugulu la akaidi omwe ankakakamizidwa kupanga ndalama zachinyengo za ku Britain.

Chomwe a SS sanadziwe nchakuti asanamangidwe, ojambulawo anali atabisa kale ntchito zawo zambiri. Mu 1945 Haas anabwerera ku Terezín nkutulutsa m'khoma zithunzi zake pafupifupi 400. Za Fritta zinapezekanso, kuphatikizapo kabuku kazithunzi komwe anajambulira mwana wake Tomáš pokwanitsa zaka zitatu, pa 22 Januwale 1944. Mayi a mwanayo nawonso anafera m'ndende ya Gestapo ija, choncho Haas ndi mkazi wake Erna anamutenga nkumulera ngati wobereka okha.