Mbili ya Coartem: kucokela ku citsamba ca ku China kufika pa kiliniki yathu

Funsani akulu-akulu kunyumba za chloroquine. Adzakuuzani mmene anali kuwawila pa lilime, ndi mmene ena anali kudzikandila usiku wonse akamwa. Kwa zaka zambili amenewa ndiwo anali mankhwala a maleliya muno mu Zambia. Koma pofika m'zaka za m'ma 1990, anthu ambili anali kumwa koma thupi osazizila, cifukwa tuzilombo twa maleliya tunali tutawazolowela. Mu 2002 boma linasankha kusintha, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kutenga Coartem kukhala mankhwala oyambilila a maleliya. Tumapilisi twa yelo tumene timalandila pa kiliniki tuli ndi mbili yaitali, ndipo siinathe.

Inayambila pa nkhondo ya ku Vietnam, kumene maleliya anali kugwetsa asilikali m'nkhalango. North Vietnam inapempha thandizo ku China, ndipo pa 23 May 1967 boma la China linayamba nchito yacinsinsi yochedwa Project 523. Mu 1969 mai wina wa sayansi, Tu Youyou, anapatsidwa gulu loti alitsogolele. Anasonkhanitsa njila za mankhwala acikale zoposa 2,000 kucokela m'mabuku ndi kwa asing'anga, n'kuyamba kuyesa pa mbewa zodwala maleliya.

Citsamba cina cochedwa qinghao, kapena Artemisia annua, cinali kuwasokoneza: lelo cagwila nchito, mawa cakana. Yankho anaipeza m'buku la Ge Hong, munthu amene anakhalako zaka zoposa 1,600 zapitazo. Iye analemba kuti masambawo aziviikidwa m'madzi ndi kufinyidwa, sanachule zowilitsa. Tu Youyou anaganiza kuti mwina moto ndiwo unali kuononga mphamvu yake. Anayamba kucotsa mankhwalawo ndi ether pa kutentha kocepa, ndipo mu October 1971 sampulo ya nambala 191 inapha tuzilombo tonse mu mbewa. Mu 1972 iye ndi anzake anayamba amwa okha asanapatse odwala, ndipo caka comweco anapatula cinthu ceniceni cocilitsa, cimene lelo timacha artemisinin. Mphoto ya Nobel anailandila mu 2015, patapita zaka zoposa 40.

Nanga artemisinin imapha bwanji? Kalombo ka maleliya kakalowa m'maselo ofiila a magazi, kamadya haemoglobin, ndipo pogaya kamatulutsa zotsala zokhala ndi ayironi. Mu artemisinin muli maatomu awili a okosijeni ogwilana. Ayironi ija ikawakhudza amaduka, ndipo zidutswa zake zimaononga mapuloteni a kalomboko. Cakudya cake comwe ndico cimayatsa poizoni. Vuto n'lakuti artemisinin imacoka m'thupi m'maola ocepa cabe. N'cifukwa cake mu Coartem muli mankhwala awili: artemether, wopangidwa kucokela ku artemisinin, amene amapha tuzilombo tambili mwamsanga, ndi lumefantrine, amene amakhala masiku angapo kutsiliza totsala. Ndiye cifukwa cake timamwa ka 6 m'masiku atatu, ndipo anesi amatiuza kumwela mkaka kapena kudya cakudya ca mafuta, kuti lumefantrine alowe bwino m'magazi.

Maiko ambili atayamba kugula, citsambaco cinayamba kucepa. Cimalimidwa ku China, Vietnam ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo mtengo wake unali kukwela ndi kutsika malinga ndi zokolola. Gulu la Jay Keasling ku University of California, Berkeley linatenga ma gene a citsambaco, kutanthauza malangizo olembedwa mu DNA, n'kuwaika mu yisiti, mtundu womwewo umene umafufumitsa buledi ndi vitumbuwa. Mu 2006 anaonetsa kuti yisitiyo ikadya shuga imapanga artemisinic acid, imene amaisandutsa artemisinin m'fakitale. Pofika 2013 anali kupeza magalamu 25 pa lita imodzi, ndipo kampani ya Sanofi inayamba kupanga ku Italy. Pa msika sizinayende monga anayembekezela, pakuti ya alimi inali yochipa, koma dziko linaona kuti yisiti m'thanki ingapange mankhwala a m'munda.

Tuzilombo nato situnagone. Ca m'ma 2008, madokotala ku Cambodia anaona kuti odwala ena acedwa kuyela magazi akamwa artemisinin. Ndi ku dela lomwelo kumene chloroquine anayambila kulephela m'zaka za m'ma 1950. Mu 2014 ofufuza a ku Institut Pasteur anapeza kuti cosintha cili pa gene yochedwa kelch13. Kalombo kosinthako kamadya haemoglobin pang'ono-pang'ono kakali kang'ono, conco poizoni imayaka mocepa ndipo kamapulumuka. Mu 2020 kusintha kwa mtunduwu kunalengezedwa ku Rwanda, mu 2021 ku Uganda, pambuyo pake ku Eritrea ndi ku Tanzania, dziko limene timalowa tikangodutsa Nakonde. DNA inaonetsa kuti tuzilombo twa ku Rwanda ndi ku Uganda situnacokele ku Asia. Tunasinthila muno mu Africa.

Coartem akali kucilitsa, cifukwa lumefantrine akali ndi mphamvu. Ofufuza amatenga madontho a magazi oumitsidwa pa pepala ndi kuwelenga DNA ya tuzilombo, kuti aone kusintha kusanafale. Muno kwathu, Tropical Diseases Research Centre ku Ndola ndi Macha Research Trust ku Southern Province akhala akufufuza za maleliya kwa zaka zambili. Kwina akuyesa kuphatikiza mankhwala atatu m'malo mwa awili, ndiponso mankhwala atsopano monga ganaplacide.

Gawo lina lili m'manja mwathu. Tikamva bwino pa tsiku laciwili n'kusungila mng'ono wathu mapilisi otsala, tuzilombo tolimba ndito tumatsala, ndipo udzudzu umatupeleka kwa aneba. Tiyi wa masamba a Artemisia amene ena amagulitsa alibe mlingo wodziwika, ndipo WHO imaletsa kucilitsila maleliya mwa njila imeneyo. Thupi likatentha, pimitsani coyamba. Akakupezani nawo, tsilizani mapilisi onse. Makolo athu anaona chloroquine akutha mphamvu m'manja mwao, ndipo mankhwala olowa m'malo mwake anatenga zaka zoposa 30 kucoka mu labu ya ku Beijing kufika pa kiliniki ya m'komboni.