Dzenje m'nyanja ya Dirac

Mu 1928 ku Cambridge, Paul Dirac, mnyamata wa zaka 25 wobadwira ku Bristol, analemba samu yofotokoza kayendedwe ka elekitironi ikamathamanga pafupi ndi liwiro la kuwala. Samuyo inagwirizanitsa mfundo za Einstein za mu 1905 ndi sayansi yatsopano ya tinthu ta m'kati mwa atomu. Koma inabwera ndi mutu wopweteka. Mwana wasukulu amadziwa kuti 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, ndipo -2 kuchulukitsa ndi -2 ndi 4 yemweyo. Samu ya Dirac nayo inkatulutsa mayankho awiri: elekitironi ya mphamvu yoposa ziro, ndi ina ya mphamvu yochepera ziro.

Yankho lachiwirili silikanatayidwa, chifukwa elekitironi imatha kudumpha kuchoka pa mlingo wina wa mphamvu kupita pa wina. Ikanagwera pansi pa ziro n'kumangogwabe, ndipo palibe atomu ikanakhalitsa.

Dirac anati malo onse apansiwo ndi odzaza kale ndi ma elekitironi ngati nyanja, ndipo lamulo la Wolfgang Pauli silola ma elekitironi awiri kukhala malo amodzi. Kuwala kwamphamvu kukazulamo imodzi, pamatsala dzenje lomwe limaoneka ngati kanthu ka chaji cha pozitivu. Mu 1930 iye anati dzenjelo ndi pulotoni. Hermann Weyl ndi Robert Oppenheimer anatsutsa. Pulotoni imalemera kuposa elekitironi maulendo pafupifupi 1,836, pamene dzenjelo liyenera kulemera chimodzimodzi ndi elekitironi. Mu 1931 Dirac analimba mtima n'kunena kuti kanthuko ndi katsopano, komwe munthu anali asanakaonepo. Apa ndi pomwe ndimamuvulira chipewa: anakhulupirira masamu ake asanaone umboni uliwonse.

Umboni unabwera pa 2 Ogasiti 1932. Carl Anderson wa ku Caltech, pojambula tinthu tochokera mumlengalenga, anaona kamzere kopindikira mbali yosayembekezereka katadutsa m'chitsulo cha mtovu cha mamilimita 6. Kanthu komwe kanasiya kamzereko kanatchedwa pozitironi, mnzake wotsutsana ndi elekitironi. Mu 1955 akatswiri ena ku Berkeley anapezanso mnzake wotsutsana ndi pulotoni.

Lero akatswiri sagwiritsanso ntchito kwenikweni chithunzi cha nyanja chija, poti Ernst Stueckelberg ndi Richard Feynman anapeza kafotokozedwe kosafuna nyanja. Koma pozitironi ilipo, ndipo m'zipatala makina a PET amaidalira pofufuza khansa: ikakumana ndi elekitironi, zonse ziwiri zimatha n'kusanduka kuwala komwe makinawo amawerenga. Mu 2023 gulu la ALPHA ku CERN linasonyeza kuti haidrojeni wopangidwa ndi tinthu totsutsanati amagwera pansi, monga zinthu zina zonse.