Thonje la ku Balaka ndi padi yopanda thonje

Boma la Balaka, lomwe linapatulidwa ku Machinga mu 1998, ndi limodzi mwa maboma odziwika ndi ulimi wa thonje m'Malawi. Mafakitale olekanitsa thonje ndi njere zake alipo konko, kuphatikizapo ya Malawi Cotton Company. Komabe padi yomwe mtsikana wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja amagula pa okala imachokera kutali, ndipo kawirikawiri mulibe thonje ngakhale pang'ono. Anthu ambiri, ngakhale ogwira ntchito zaumoyo, amaganiza kuti choyera chija n'thonje. Chinasiya kukhala thonje zaka zoposa 100 zapitazo.

Mapadi oyamba kugulitsidwa, monga a Southall ku Birmingham m'zaka za m'ma 1880, ankapangidwadi ndi thonje lokulunga m'kansalu kopyapyala. Zinthu zinasintha ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene thonje lomangira mabala linasowa. Kampani ya mapepala ya Kimberly-Clark ku America inayamba kupanga Cellucotton kuchokera ku mitengo yophwanyidwa n'kuphikidwa mpaka kutsala ulusi wokha. Anamwino a kunkhondo anaona kuti chomangira mabalachi chikuwathandiza akakhala kumwezi kuposa nsalu zochapa. Nkhondo itatha kampaniyo inatsala ndi katundu wopanda msika, ndipo mu 1920 inatulutsa Kotex. Matewera otaya anadzera njira yomweyo, ndipo Pampers inafika pamsika mu 1961.

Kusintha kwachiwiri kunali kwa mankhwala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 makampani a ku Japan anayamba kuika m'mapadi timibulu tonga shuga, tomwe lero timapangidwa ndi sodium polyacrylate. Timibuluti timamwa madzi n'kusanduka phala lolimba lomwe silitulutsanso madziwo ngakhale munthu alikhalire. M'madzi oyera timamwa kuposa kulemera kwake maulendo mazanamazana, koma mu mkodzo, chifukwa cha mchere, timamwa pafupifupi maulendo 30 okha. N'chifukwa chake padi ndi pampasi za lero n'zopyapyala.

Mufakitale ya masiku ano, ulusi wa mitengo ya paini umabwera utaumitsidwa ngati mipukutu ya katoni. Makina okhala ndi tinyundo amaufwafwaza kuti ukhale wofewa, mpweya umaukokera m'zikombole pamodzi ndi timibulu tija, kenako pamwamba pamaikidwa kansalu kosaluka ka polypropylene, pansi pepala la polyethylene. Guluu, mpeni, phukusi: zonsezi zimachitika pa mzere umodzi wotulutsa mapadi mazana angapo pa mphindi imodzi. Pa zipangizo zikuluzikuluzi, zitatu zimachokera ku mafuta a pansi, chimodzi ku mitengo. Palibe chomwe mlimi wa ku Utale angagulitse.

Apa mbiri ya Malawi ili ndi chilonda chake. Nkhalango ya Chikangawa ku Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya ulusi wa mapepala. Fakitaleyo siinamangidwe, ndipo mitengoyo inathera m'matabwa ndi moto. Ulusi womwe ukanakhala mtima wa padi uyenera kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. Mu 2022 nduna ya zachuma, a Sosten Gwengwe, analengeza kuchotsa msonkho pa mapadi. Chinali chinthu chabwino, koma kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpumulowo sunakhalitse. Msonkho unali gawo chabe la mtengo.

Kumidzi ya Machinga ndi Balaka amayi ndi atsikana ambiri akudalirabe nyanda, dzina lomwe poyamba linali la nsalu ya khungwa la mtengo koma lero limatanthauza kachidutswa ka chitenje. M'sukulu zambiri magulu a amayi amasoka mapadi ochapa. Vuto lake si nsaluyo, koma sopo, madzi, ndi manyazi oyanika padzuwa. Nyanda youmira pansi pa mphasa imasunga chinyontho ndi tizilombo. Padi yotaya nayo ili ndi mlandu wake. Pulasitiki ndi timibulu tija siziola m'chimbudzi chokumba, motero dzenje limadzaza msanga, ndipo kuiwotcha pamoto wa zinyalala kumatulutsa utsi woipa. Ambiri safuna n'komwe kuti magazi awo aonedwe ndi munthu wina, choncho chimbudzi ndicho chimalandira zonse, pamodzi ndi mapampasi okhala ndi chimbudzi cha ana.

Ena anayesa kubwezera ntchitoyi m'manja mwa anthu wamba. Ku Coimbatore, m'dziko la India, Arunachalam Muruganantham anapanga makina ang'onoang'ono oti gulu la amayi lingayendetse, ngakhale kuti nawonso amadya ulusi wa paini wogula. Ku Rwanda, bungwe la Sustainable Health Enterprises linagwiritsa ntchito ulusi wa thunthu la nthochi. Chitsanzo choyandikira kwambiri n'cha malemu Dr Moses Kizza Musaazi wa pa Makerere University ku Uganda, amene MakaPads zake zinkapangidwa ndi gumbwa ndi mapepala otayidwa, zoumitsidwa ndi dzuwa, ndipo zina zinkapangidwira kumsasa wa othawa kwawo wa Kyaka II. Gumbwa yemweyo amamera m'madambo a mtsinje wa Shire ku Liwonde. Koma padi ya ulusi wa zomera yopanda timibulu imamwa pang'ono ndipo imafuna kusinthidwa pafupipafupi, pomwe mtsikana woyenda mtunda wautali kupita kusukulu amafuna yomufikitsa masana osadetsa yunifolomu.