Mishoni ya Mua: Chiyambi ndi Kukula kwa Parishi ya Kumudzi

Parishi ya Mua, yomwe ili m'boma la Dedza m'tsinde mwa mapiri otsetserekera kuchigwa cha nyanja ya Malawi, ndi imodzi mwa maparishi akale kwambiri a mpingo wa Katolika m'dziko muno, ndipo mwa mamishoni onse amene Ansembe Oyera adatsegula kuno, ndiyo yakale koposa imene idakali pamalo pomwe idayambira. Mawu akuti parishi amatanthauza dera limene episkopi amaliika m'manja mwa wansembe mmodzi, wotchedwa bambo mfumu, kuti aziweta akhristu a m'deralo, pamene mawu akuti mishoni, omwe anthu a ku Mua sadawasiye mpaka lero, ankatanthauza malo okhala alendo odzalalika Mthenga Wabwino pakati pa anthu amene sadaumvepo. Mbiri ya Mua ndi ya kusandulika kwa mishoni kukhala parishi, ndipo ntchito yaikulu ya kusandulikako idagwiridwa m'midzi, kutali ndi nyumba ya ansembe.

Chipani cha Ansembe Oyera chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1868 ku Algeria ndi Charles Lavigerie, yemwe pambuyo pake adakhala kadinala, ndipo dzina lawo lidachokera ku mkanjo woyera umene ankavala pamodzi ndi kolona m'khosi. Ulendo wawo woyamba kuno udathera m'mavuto, chifukwa atafika kwa mfumu Mponda ku Mangochi kumapeto kwa chaka cha 1889, adapezeka ali pakati pa mkangano wa Apwitikizi ndi Angerezi wolimbirana dzikoli, m'mudzi wa mfumu yachisilamu imene inalibe cholinga chosiya chipembedzo chake, kotero m'chaka cha 1891 adasamukira ku Mambwe, kumpoto kwa dziko la Zambia. Mpingo wa Katolika udazikika m'chaka cha 1901 pamene ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo chaka chotsatira Ansembe Oyera adabwereranso kuchokera kumpoto, natsegula mishoni ku Chiwamba ndi ku Mua. Ya ku Chiwamba idasamutsidwira ku Likuni m'chaka cha 1903, pamene ya ku Mua, yomwe idayamba mwezi wa Seputembala 1902 m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipokwe, idakhalabe pomwepo.

Dera limene alendowa adafikamo linali ndi anthu a mitundu itatu. Ulamuliro unali m'manja mwa Angoni a Kachindamoto, omwe adatsikira kuchigwa cha Mtakataka atapatukana ndi abale awo a kwa Gomani pa nkhondo yolimbirana ufumu, ndipo pa nthawiyo ufumu unkasungidwa ndi mayi wa kubanja lachifumu, Nyathei. Anthu ochuluka m'midzi anali Achewa, pamene kugombe la nyanja kunali Ayao amene ambiri a iwo adali atalandira kale Chisilamu. Chilolezo cha malo chidachokera kwa Angoni, koma chilolezo cha mfumu yaikulu sichinkatsegula mitima ya anthu a m'midzi ya Achewa, ndipo zimenezi ansembe adazizindikira mochedwa.

Lavigerie adasiyira ansembe ake lamulo lakuti munthu wamkulu asabatizidwe asadaphunzire zaka zinayi. Wophunzirayo, yemwe ankatchedwa katekumeni, ankaloweza katekisimu, buku la mafunso ndi mayankho a chikhulupiriro, ndipo ankayenera kuonetsa pamaso pa anthu a m'mudzi mwake kuti wasintha: wamitala asiye akazi ena n'kutsala ndi woyamba, wolowa gule aleke kudambwe, wodwala asapitenso kukaombeza. Ubatizo wamwamsanga unkaperekedwa kwa makanda ndi akulu amene anali pafupi kutsirizika, ndipo chifukwa ambiri mwa obatizidwa chonchi ankamwaliradi, m'midzi ina mudabuka mantha akuti madzi a ansembe ndiwo ankapha. Lamulo la zaka zinayi lidachedwetsa kukula kwa mpingo, koma lidaumba akhristu oyamba olimba, omwe ambiri a iwo adasanduka aphunzitsi.

Aphunzitsi amenewa, omwe masiku ano amatchedwa akatekisiti, ndiwo adakulitsa Mua, ngakhale kuti mabuku a mbiri amasunga maina a ansembe kuposa awo. Sukulu ya m'mudzi inali chisakasa cha mitengo chophomedwa ndi dothi ndi kufoleredwa ndi udzu, mipando yake ili zipika zogonekedwa pansi. M'mawa mphunzitsi ankaomba chitsulo chopachikidwa pamtengo, ana n'kubwera kudzaloweza mapemphero, kuwerenga zilembo ndi kulemba ndi chala pamchenga kapena pasileti, ndipo Lamulungu chisakasa chomwecho chinkasanduka tchalitchi. Wansembe ankafika mwa apo ndi apo, wapansi kapena panjinga, kudzayesa akatekumeni, kumva kulapa ndi kupereka Misa, koma amene ankapempherera wodwala usiku, kuweruza ndewu za m'mabanja a akhristu ndi kukambirana ndi nyakwawa anali mphunzitsi. Kutsegula sukulu kunkafuna chivomerezo cha nyakwawa ndi cha boma la atsamunda, ndipo popeza mishoni ya Dutch Reformed, yomwe idayamba ku Mvera m'chaka cha 1889, inkafunanso midzi yomweyo, padali mpikisano waukulu, mwakuti mudzi umene walandira mphunzitsi wa Aroma unkatengedwa kuti watsekeka kwa Adatchi. Mpikisanowu udadzala udani umene udatenga mibadwo kuti uzilale, komabe ndiwo udafulumizitsa kufalikira kwa sukulu m'chigwa chonse.

Mkangano waukulu koposa unali wa mpingo ndi nyau, ndipo sungamveke bwino popanda kudziwa malo a gule wamkulu m'mudzi wa Achewa. Ulemerero wa nyakwawa unkagona pa mzinda, ndiko kuti ufulu wokhala ndi bwalo la gule ndi wochititsa chinamwali. Kudambwe, malo obisika kumene zilombo zimakonzedwa, n'kumene mnyamata ankalangidwa n'kuyamba kuwerengedwa ngati mwamuna, ndipo maliro a munthu wa mwambo sankatha bwino popanda gule woperekeza mzimu wake. Komanso m'dziko la chikamwini, momwe mwamuna amakakhala kwa mkazi wake ndipo ana amakhala m'manja mwa mwinimbumba, yemwe ndi malume wawo, dambwe linali malo amene akamwini, alendo m'mudzi wa eni, ankakhala ndi mawu. Tsono pamene wansembe ankauza mnyamata kuti asankhe pakati pa sukulu ndi dambwe, ankakhudza ufumu, ukwati, uchembere ndi imfa pa nthawi imodzi, ngakhale iye ankaganiza kuti akulimbana ndi mavinidwe olaula okha.

M'zaka za m'ma 1920 mkanganowu udafika pachimake. Eni gule ankalowetsa anyamata akadali aang'ono kuti sukulu ziume, akhristu ena ankalanda ndi kuonetsa poyera zigoba za zilombo, zomwe kwa eni mwambo kunali kuulula chinsinsi chachikulu, ndipo maliro a mkhristu wa m'banja la gule ankasanduka bwalo lolimbirana mtembo. Ansembe adapempha boma kuti liletse nyau, koma atsamunda, omwe ankadalira mafumu potolera msonkho ndi kusungitsa bata, sadafune kutero. Naye gule adayankha mwa njira yake, potulutsa zilombo monga Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, zomwe zidalowetsa alendowo m'bwalo momwe anthu akadatha kuwayang'ana ndi kuwaseka. Mmodzi mwa ansembe amene adakhala pakati pa zonsezi ndi Jean-Baptiste Champmartin, yemwe adatumikira ku Mua kuyambira 1908 mpaka 1949, ndipo anthu, polephera kutchula dzina lake lachifalansa, ankamuti Chamare. Palibe mbali imene idagonjetsa inzake. Zimene zidachitika n'zakuti mabanja ambiri adaphunzira kukhala ndi mwana wina kutchalitchi, wina kudambwe.

Pamene izi zinkachitika m'midzi, pamishoni pankamera ntchito zina. Asisiteri Oyera adafika m'chaka cha 1911 nayamba kusamalira odwala, amayi oyembekezera ndi atsikana, ndipo m'chaka cha 1927 padatsegulidwa malo osamalirako akhate, anthu amene pa nthawiyo ankapatulidwa ndi abale awo omwe. N'zosakayikitsa kuti ambiri amene sadakopeke ndi katekisimu adayamba kukhulupirira mishoni ataona sisiteri akutsuka zilonda zimene wina aliyense ankazithawa. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, yomwe idatha m'chaka cha 1935, idadutsa m'chigwachi, ndipo maulendo a amuna opita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni adasiya midzi yambiri m'manja mwa amayi, amenenso adasanduka msana wa mpingo. Dera la mishoni lidayamba kugawidwa msanga, popeza mishoni ya Mtakataka idatsegulidwa m'chaka cha 1908 ndi ya Bembeke, pamwamba pa mapiri pomwe pali mphepo yozizira, m'chaka cha 1910. Motero kukula kwa parishi yakale kumaoneka m'kuchepa kwa malire ake, monga momwe mudzi umakulira pobala midzi ina.

Chipatso chachikulu cha sukulu zija chidaoneka mwa Cornelio Chitsulo, mwana wa dera la Mua, amene adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1937 nakhala Mmalawi woyamba kulandira udindowu mu mpingo wa Katolika. Dera la Dedza litapatulidwa m'chaka cha 1956 kuti likhale ndi episkopi wakewake, iye ndiye adasankhidwa, nakhalanso episkopi woyamba wachimalawi, kotero ansembe achizungu a ku Mua adayamba kumvera munthu amene adaphunzira zilembo m'manja mwa chipani chawo. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, womwe udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udalola kuti Misa izichitika m'chinenero cha anthu m'malo mwa Chilatini, ndipo ng'oma, imene kale inkaonedwa ngati chida chachikunja, idalowa m'tchalitchi. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a kum'mawa kwa Africa adagwirizana kuti maziko a parishi akhale miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana amene amakumana kwa mmodzi wa iwo kuwerenga Mawu a Mulungu, kuyendera odwala, kuyendetsa maliro ndi kuchitira umboni ofuna ubatizo kapena ukwati. Kumadera ngati Mua zimenezi sizidali zachilendo kwenikweni, chifukwa zidangopereka dzina ndi ulemu ku ntchito imene aphunzitsi ndi agulupa adakhala akuigwira kwa zaka makumi asanu ndi awiri.

Kusintha kodabwitsa kudadza ndi Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'Malawi m'chaka cha 1967, napatsidwa mfunda wakuti Chisale. M'chaka cha 1976 iye adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, kumene amisiri osema adayamba kupanga mitanda, maguwa ndi zitseko za matchalitchi zoonetsa nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za anthu a kuno, ndipo pambuyo pake padamangidwa nyumba yosungiramo mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, momwe muli zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Nyumbayi idapatsidwa dzina la Chamare, wansembe wa m'nyengo ija ya mkangano. Sikuti onse adakondwera: akhristu ena, omwe makolo awo adavutika chifukwa chokana dambwe, adaona ngati mpingo wabwerera m'mbuyo, pamene eni gule ena sadafune kuti zakudambwe zionedwe ndi osameta. Madandaulo onse awiri ali ndi maziko, koma n'zovuta kukana kuti mpingo umene udaweruza mwambo usadaumvetse unali ndi ngongole ya kuuphunzira, ndipo bungwe la UNESCO litazindikira gule wamkulu m'chaka cha 2005 ngati chuma cha anthu onse, Mua idali kale malo amene ofufuza ankapitako kukaphunzira za guleyo.

Alendo ofika ku Mua lero amaona tchalitchi, chipatala, sukulu ya ana osamva ndi ziboliboli za ku Kungoni, koma parishi yeniyeni ili m'nthambi zake, matchalitchi aang'ono a m'midzi amene wansembe amawafikira mwa kasinthasintha. Kumeneko akhristu amaumba ndi kuotcha okha njerwa, amapereka mtulo wa chaka ndi chaka, amabweretsa chimanga, mpunga ndi nkhuku pa nthawi ya masika kuti parishi iyende popanda kudikira thandizo la kunja lomwe lidachepa, ndipo Lamulungu limene wansembe ali kunthambi ina, katekisiti kapena mtsogoleri wosankhidwa ndi anzake amaima kutsogolo, kuwerenga Mawu ndi kutsogolera mapemphero.