Zoo Lake: nyanja ya mumzinda wa Johannesburg ndi njira zake zoyendamo banja

Zoo Lake ndi nyanja yaing'ono yochita kukumba yomwe ili makilomita ochepa kumpoto kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg m'dziko la South Africa, pafupi ndi madera a Parkview ndi Saxonwold. M'mbali mwake muli njira ya oyenda pansi yozungulira madzi onse, kapinga wotambalala, mitengo yamthunzi ndi malo osewerera ana. Kulowa n'kwaulere. Munthu amene anakulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi akhoza kuseka atamva kuti kamalo aka nakonso kamatchedwa nyanja, popeza woima tsidya lino amamuona bwinobwino mnzake wa tsidya linalo. Koma Johannesburg unamangidwa pamtunda chifukwa cha golide amene anapezeka m'chaka cha 1886, ndipo ulibe mtsinje waukulu ngakhale nyanja yachilengedwe. Mumzinda wotere, madzi ochepa omwewa ndi chuma.

Mphatso yokhala ndi lamulo

Malo amene pali nyanjayi kale anali mbali ya famu ya Braamfontein. Mpondamatiki wina wa migodi wochokera ku Germany, Hermann Eckstein, anadzalitsapo nkhalango yaikulu imene anaitcha Sachsenwald, makamaka pofuna mitengo yochirikizira m'migodi. Dzina la dera la Saxonwold linachokera pamenepo. Eckstein anamwalira m'chaka cha 1893, ndipo mu 1904 anzake a kampani ya Wernher, Beit & Co. anapereka maekala 200, omwe ndi mahekitala pafupifupi 81, ku khonsolo ya mzindawu kuti pakhale paki yomukumbukira. Nyanjayo inawonjezedwa m'chaka cha 1908, pamalo amene panali lowe.

Chimene chimasiyanitsa paki imeneyi ndi ena ambiri a mumzindawu ndi mawu a m'chikalata cha mphatsoyo: malowo anayenera kukhala otsegukira anthu a mitundu yonse. Mawu amenewa anadzalemera patapita zaka. Mu 1953 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo la Reservation of Separate Amenities Act, lomwe linkalola kupatula mapaki, magombe, zimbudzi ngakhale mabenchi potengera khungu la munthu, ndipo lamuloli linakhalapo mpaka 1990. M'zaka zonsezo Zoo Lake inakhalabe amodzi mwa malo ochepa kwambiri mu Johannesburg amene munthu wakuda ndi mzungu ankatha kukhala pa kapinga mmodzi.

Pamenepa m'pofunika kusakometsa mbiri mopitirira. Chipata chinalidi chotseguka, koma njira yofikira pachipatapo inali ya minga. Malamulo a ziphaso, amene anathetsedwa mu 1986, ankachititsa kuti munthu wakuda aziyenda ndi mantha m'madera a azungu, ndipo banja la ku Soweto silikanangodzuka n'kunena kuti tiyeni tikapitidwe mphepo ku Parkview. Ndiponso chuma chimene chinagula malowa chinatuluka m'migodi momwe munagwa thukuta la amuna ochokera m'maiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa, migodi yomweyo imene pambuyo pake Amalawi miyandamiyanda anakagwirako ntchito kudzera ku Wenela. Komabe lamulo la m'chikalatacho linagwira ntchito, ndipo n'chifukwa chake anthu achikulire a mumzindawu amatchula Zoo Lake mwaulemu wina umene sapereka kwa mapaki ena okongola kuiposa.

Lero Amalawi ambiri amagwira ntchito m'madera omwewa a kumpoto kwa mzinda, ena m'minda ya maluwa, ena m'makhitchini, ena m'malesitilanti. Ambiri mwa iwo amagona m'tizipinda tating'ono topanda bwalo loti mwana n'kuthamangapo. Kwa banja lotere, paki yaulere yomwe minibasi imadutsa pafupi ndi nkhani yaikulu. Maminibasi oyenda mumsewu wa Jan Smuts Avenue, pakati pa tauni ndi Rosebank, amadutsa m'mphepete mwenimweni mwa malowa.

Njira yozungulira madzi

Njira yaikulu imatsata gombe ndipo imabwerera pomwe munthu wayambira, kotero palibe chosokera. Ndi yaifupi ndi yopanda zitunda. Banja loyenda mosathamanga limaimaliza ola lisanakwane, ngakhale mwana ataima kambirimbiri kuti aone abakha. Kangolo kokankhira khanda kamayenda bwino m'mbali zambiri, ngakhale pena ndi pena mizu ya mitengo inatukula pansi. Ubwino wa njira yozungulira chonchi kwa makolo ndi wakuti mwana wamkulu angathe kutsogola pang'ono osabisika, ndipo agogo akatopa angakhale pabenchi n'kudikira kuti enawo awapeze pobwerera.

Pakati pa nyanja pali kachilumba ka mitengo komwe mbalame zimagona ndi kuswerana. Atsekwe ndi abakha ndiwo ochuluka, ndipo atsekwewo sachita manyazi: akaona thumba la chakudya amalilondola. Pamakhalanso akakowa, ndi mbalame yaphokoso yotchedwa hadeda, imene kulira kwake kumadzutsa mzinda wonse m'mamawa. M'madzimo mulinso kasupe wopopera madzi m'mwamba, Coronation Fountain, amene anamangidwa mu 1937 pokumbukira kulongedwa ufumu kwa George VI wa ku Britain. Ofuna kufika pafupi ndi kachilumbako amabwereka maboti opalasa pa mtengo wake.

Amene miyendo ikuwayabwabe akamaliza kuzungulira angapatuke n'kulowa m'kapinga ndi m'mitengo, momwe muli akatungwe a ana, mabwalo a basketball ndi malo oyala mkeka n'kudya. Kapingayu waonapo zambiri. Mu 1956, pokondwerera kuti mzindawu wakwanitsa zaka 70, katswiri wa gule wa ballet wa ku Britain, Margot Fonteyn, anavina Swan Lake pamalo pano, ndipo m'zaka za pambuyo pake chikondwerero cha Jazz on the Lake chinkasonkhanitsa chikhamu cha anthu. Tsiku la zochitika zotere si tsiku loyendera ndi ana aang'ono.

Tsidya lina la Jan Smuts Avenue kuli malo osungirako nyama zakutchire, Johannesburg Zoo, amene anapatsa nyanjayi dzina. Nawonso ali pa malo a mphatso ya 1904, koma kumeneko kulowa n'kolipira, ndipo msewu wa pakatiwo ndi wa magalimoto othamanga. Mwana awoloke atagwiridwa dzanja.

Madzi oyang'ana, osati osamba

Vuto lalikulu la Zoo Lake ndi madzi ake. Amalowa kudzera m'kamtsinje ka Parktown Spruit, komwe kamatenga madzi a mvula ochokera m'misewu ndi zonyansa zina za mumzinda. Nyanjayo ndi yosaya ndipo madzi sayenda msanga, ndiye ndowe za mbalame zambirimbiri zija zimangodikha pansi. Pakatentha madzi amabiriwira ndi ndere ndipo nthawi zina amanunkha. Kusambira m'nyanjamo n'kosayenera, ndipo mwana amene wagwira madziwo asambe m'manja asanadye. Ofuna kusambira ali ndi dziwe la khonsolo lomwe lili pafupi pomwepo.

Alendo nawonso amawonjezera vutoli mosadziwa. Kuponyera abakha buledi kumasangalatsa ana, koma buledi alibe chakudya chokwanira kwa mbalame, amazichulukitsa pamalo amodzi kuposa momwe nyanjayo ingakwanitsire, ndipo wotsala amaolera m'madzi. Paki imayang'aniridwa ndi nthambi ya khonsolo ya Johannesburg City Parks and Zoo, mothandizidwa ndi anthu okhala m'maderawa, koma ukhondo wake umasinthasintha. Lolemba m'mawa, pambuyo pa Sabata ya anthu ambiri, mabotolo ndi mapepala amakhala mbwee.

Pali chinthu chimodzi chokhudza madziwa chimene mwana wa pulayimale angakondwe kuchimva. Mzinda wa Johannesburg unakhala pamsana wa mtunda umene umagawa madzi pawiri. Mvula yogwa kummwera kwa msanawo imapita ku mtsinje wa Vaal, kenako Orange, mpaka ku nyanja ya Atlantic. Yogwa kumpoto, komwe kuli Zoo Lake, imatsikira mu Braamfontein Spruit, kulowa mu Jukskei, kenako mu Crocodile, mpaka mu Limpopo, ndipo imakathira m'nyanja ya Indian pafupi ndi Xai-Xai ku Mozambique.

Nyengo ndi chitetezo

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho dzuwa limawotcha khungu ngakhale kunja kukuoneka kozizira. Kuyambira October mpaka March mvula imakonda kubwera masana, mwadzidzidzi, ndi ziphaliwali zoopsa. Mitambo ikayamba kuda, wa m'boti atuluke m'madzi ndipo wa pamtunda asabisale pansi pa mtengo. M'nyengo imeneyi ulendo wabwino ndi wa m'mawa. M'miyezi ya June ndi July kumakhala kouma, kapinga amafiira, ndipo m'mawa kumagwa chisanu choposa cha ku Dedza, kotero ndi bwino kudikira kuti dzuwa likwere. Mwezi wa October uli ndi mphatso yake: mitengo ya jacaranda ya m'misewu ya Saxonwold ndi Parkview imachita maluwa, ndipo ulendo wochokera pa minibasi umakoma ngati paki yeniyeniyo.

Za akuba, Zoo Lake ndi gawo la Johannesburg ngati lina lililonse. Loweruka ndi Lamlungu masana pamakhala anthu ambiri ndipo banja limayenda momasuka. Kukada, kapena m'malo obisika pakati pa sabata, si nzeru kuyendamo, ndipo foni kapena chikwama zisasiyidwe poonekera m'galimoto.

Ana akakula: Emmarentia Dam

Mwana wa zaka khumi sachedwa kutopa nayo njira yaifupi ya Zoo Lake. Makilomita ochepa chakumadzulo kuli Emmarentia Dam, yomwe mwini famu Louw Geldenhuys anamangitsa nkhondo ya pakati pa Mabunu ndi Angerezi itatha mu 1902, pofuna kupatsa ntchito alimi achibunu amene anataya minda, ndipo anaitcha dzina la mkazi wake. Damuli linagundizana ndi Johannesburg Botanical Garden, munda waukulu momwe muli maluwa a rozi odzalidwa m'masitepe, mitengo ya mitundumitundu ndi timadamu tina ting'onoting'ono.

Njira za kumeneko ndi zazitali, zambiri ndi zadothi kapena za m'kapinga, ndipo zili ndi zitunda, kotero kangolo ka khanda kamavuta mvula ikagwa. Pa damupo pamakhala opalasa mabwato a mpikisano. Makolo adziwiretu kuti mbali ina ya pakiyi anthu amamasula agalu awo kuti azithamanga, zomwe zingaopse mwana amene sanazolowere agalu akuluakulu, pomwe ku munda wa maluwa kumakhala bata. Kuchokera ku Emmarentia, njira ya oyenda pansi ndi apanjinga imatsata Braamfontein Spruit kupita chakumpoto mpaka ku Delta Park ndi kupitirira. Imeneyo ndi ya achinyamata ndi akuluakulu, ndipo amaiyenda ali pagulu.