Dziko Lidasintha Mwini, Malire Adatsala

Adzukulu anga, nkhani ya malire a kumpoto kwa nyanja yathu idapanganidwa makolo athu asakudziwa. Mu 1890 Angerezi ndi Ajeremani adasainirana pangano la Heligoland-Zanzibar kutali ku Ulaya. Kumtunda adati malire ndi mtsinje wa Songwe, ndipo kunyanja adati dziko la Ajeremani lithere pagombe la kum'mawa. Asodzi a ku Karonga ndi anzawo a tsidya lija sadafunsidwe. Iwo ankangoponya makoka awo monga kale.

Nkhondo itabuka mu 1914, sitima ya Angerezi ya Guendolen idapita ku Sphinxhaven, kumene lero amati Liuli, n'kukaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Mwezi wotsatira mfuti zidalira ku Karonga. Ajeremani atagonja, pangano la Versailles la 1919 lidawalanda dziko la tsidya lija, n'kulipereka m'manja mwa Angerezi. Dzina lake lidakhala Tanganyika.

Vuto lidagona pamenepa. Tsidya lino ndi tsidya lija mwini adali mmodzi, ndiye za malire zidatayiriridwa. Mapu ena ankadutsitsa mzere pagombe, ena pakati pa madzi. Ndi Apwitikizi zidayenda mwina: mu 1954 adakhala pansi ndi Angerezi n'kusunthira malire a Mozambique pakati pa nyanja, koma Likoma ndi Chizumulu zidatsala kwa ife. Pangano latsopano lotero ndi Tanganyika silidalembedwe.

Tanganyika polandira ufulu mu 1961, mtsogoleri wake a Julius Nyerere adalengeza kuti mapangano a atsamunda awatsata zaka ziwiri zokha uku akuwaunika. Koma malire ndi nkhani ina. Mu 1964 atsogoleri a mu Africa adagwirizana ku Cairo kuti dziko lililonse lilemekeze malire amene lidawapeza pa tsiku la ufulu. Ngakhale zidali choncho, mu 1967 Tanganyika, imene tsopano inkatchedwa Tanzania, idati malire ali pakati pa nyanja. Mkanganowo udayakanso mu 2012 chifukwa cha mafuta, mpaka mtsogoleri wakale wa Mozambique a Joaquim Chissano adapemphedwa kukhala mkhalapakati.

Kumudzi kuno mfumu yatsopano ikalowa, siisuntha malire a minda payokha. Imayamba yaitana mfumu yoyandikana nayo kubwalo. Maikonso n'chimodzimodzi: mwini akasintha, pangano la malire silifa kufikira mbali zonse ziwiri zitavomereza lina. Inu ophunzira, idziweni bwino mbiri imeneyi kuti mudzaiimire nyanjayi ndi mfundo, ndipo musadzaiwale kuti a tsidya lija ndi abale athu.